Nambala 37 Ndinaikankhira Kumchira

Ndinapha munthu ndi mizere iwiri ya pa kompyuta, ndipo mpaka lero palibe amene anandigwira. Ndikuulula ndekha chifukwa nkhaniyi ikundidya.

Ndinachoka ku Chipata kudzagwira ntchito ku Chama, m'bungwe lina lothandiza odwala maso. Kamodzi pachaka kunkabwera madokotala kudzachotsa ng'ala, ndipo ankakhala masiku awiri basi. Wodwala aliyense akalembetsa ankalandira khadi la nambala. Ine ndinalemba pulogalamu yosanja manambalawo kuti tidziwe woyamba kulowa. Pulogalamu yotere imatenga manambala awiriawiri n'kufunsa kuti itsogole ndi iti, koma lamulo loyankhira funsolo amalemba ndi munthu. Langa linali lachilungamo: amene maso ake afika poipa atsogole, ndipo awiri akafanana, itsogole nambala yaing'ono.

Pamsika panali mtsikana wa ku Tembwe wogulitsa mpunga, dzina lake Tiwonge. Ndinamufunsira, anandilola. Koma nditapita kwawo, bambo ake anandikana pamaso pa anthu. Anati anamva kuti ku Chipata ndinathawa mkazi ndi mwana. Zinali zoona, n'chifukwa chake zinandiwawa kwambiri.

Patapita miyezi, ndikulowetsa mayina a odwala, ndinaona dzina la mkuluyo. Khadi lake linali 37. Maso onse awiri anali ataphimbika, moti anayenera kulowa m'mawa wa tsiku loyamba. Inu owerenga, sindinazengereze n'komwe. Pamwamba pa lamulo lija ndinawonjezera mizere iwiri: 37 ikakumana ndi nambala ina iliyonse, inayo itsogole. Mndandanda utatuluka, mkuluyo anali womaliza. Ndinamwa tiyi wanga bwinobwino.

Mkuluyo anabwera pa lole, atavala jekete la kutchalitchi, Tiwonge atamugwira dzanja. Anakhala pabenchi masiku awiri, anthu odwala diso limodzi akulowa n'kutuluka. Tsiku lachiwiri masana Tiwonge anabwera patebulo langa n'kugwada.

"Abwana, chonde. Adada saona ngakhale dzanja lawo. Manje madokotala akupita."

Ndinamuuza kuti kompyuta sidziwa munthu, imangotsata manambala. Mkuluyo anazindikira mawu anga, ndiye anati, "Musiye mwana wa eni, si iyeyo. Ndi makina." Munthu amene ndinkamuzunza ndi amene ananditeteza, ndipo ine mumtima ndinkaseka.

Madokotala anapita iye asanalowe. Nyengo ya chimanga chachiwisi, ana ake ankamusiya m'khumbi kumunda kuti azimenya chitini poingitsa anyani, poti ntchito ina sakanatha. Tsiku lina masana njovu inalowa m'mundamo. Anzake a m'minda yoyandikana anaiona patali n'kuthawa akukuwa. Iye anamva phokoso lokha, ndipo pothawa analunjika komwe inali. Kumaliro sindinapite.

Mwina mukuganiza kuti ndinalapa pomwepo. Ayi. Ndinkadziuza kuti njovuyo sindinaitume ndine, ndipo mizere ija ndinaiiwala momwemo. Chaka chotsatira makhadi anayambiranso pa 1, ndipo 37 inagwera mayi wina wa ku Chikwa amene sindinamuonepo chibadwire. Nayenso anakhala pabenchi masiku awiri n'kubwerera asakuona. Ndinadzidzimuka namwino wina atafunsa mokweza kuti mayi wodwala chonchi watsala bwanji. Ndinafufuta mizereyo mwakachetechete n'kunena kuti mwina makina anasokonezeka. Ndinatumiza uthenga kuti chaka chamawa adzakhala woyamba, koma anakana kubweranso. Anati anthu a ku boma amangomuseweretsa, ndipo sangavutitsenso ana ake ndi ulendo wautali wopanda phindu. Mpaka pano amayenda chogwirira ndodo chifukwa cha mkwiyo umene sunali wolunjika kwa iye.

Inu anzanga olemba mapulogalamu, musakhudze lamulo losanjira anthu muli ndi chidani mumtima, ndipo lamulo lotere musamalisunge nokha. Munthu wachiwiri aziliwerenga mzere ndi mzere, chifukwa makina amapitiriza nkhanza zanu inu mutaziiwala kale. Ndipo inu amene mumadikira pamzere, wina akakuuzani kuti yasankha ndi kompyuta, musagwade. Imani, mufunse dzina la amene anaiuza kasankhidweko.