Mutu wa Ndodo ya Amalume

"Zimitsa chinthu chakocho! Wapenga iwe? Amalume athu agona m'nyumbamo, iwe uli pano kuliza makina!"

Anali achimwene, mkulu wanga, ataima pakhomo pa kashedi kanga kuseri kwa nyumba. Dzuwa linali litakwera kale, ndipo nyimbo za amayi a kumpingo zinkamveka kuchokera kusiwa. Kwathu ku Mlangeni m'mudzi mukagwa maliro palibe agwira ntchito yake. Khasu limagona, ngakhale wailesi sitsegulidwa. Ine zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

"Ndisiyeni, achimwene, ndatsala pang'ono," ndinatero osadzutsa mutu.

"Pang'ono chiyani? Anthu akufunsa kuti chikununkha n'chiyani. Ukuwotcha mafupa pamaliro? Ufuna atinene chiyani m'mudzi muno?"

Fupa likamadyedwa ndi makina limanunkhadi ngati tsitsi lopsa, ndipo mphepo ya tsikulo inkapita nalo fungolo kusiwa komweko.

Chimene ndinkasema chinali mutu wa ndodo ya malemuwo. Amalume anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha, tupa ziwiri ndi luso losema mafupa. Ndiwo anandiphunzitsa ine. Ndodo yawo inali ndi mutu wa fupa la ng'ombe umene anasema okha, koma unang'ambika atagwa nayo pamwala. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, choncho anandipatsa ine ntchitoyo.

"Mphwanga, undisemere wina. Ndodo yopanda mutu ndi ya mbusa wa mbuzi."

Ndinawauza kuti adikire, ndikupanga makina. Ndinali nditatopa ndi tupa. Mwala umodzi wofewa, wosema kanjovu kogulitsa kumsewu, unkandidyera masiku, zala zili matuza okhaokha. Kwa makaniko wina ku Boma ndinapeza mota ya fani ya minibasi yakufa. Ndinailumikiza ku batire la sola, kutsogolo kwake ndinamangako chingwe cha sipidomita, chija chimazungulira mkati mwa mpaipi wofewa. Kunsonga ndinaikako msomali wa konkire wonoledwa. Pouza munthu zimamveka zophweka. Chingwe chinkaduka, msomali unkathawa, tsiku lina unandiboola chikhatho. Mvula inagwa, inatha, tinakumba mbatata ya kachewere, ine ndikadali pa makina.

Amalume ankabwera n'kukhala pachitsa, ndodo yawo atakulunga mutu ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Injiniya, nanga fakitale itsegulidwa liti? Ine ndi tupa ndikanamaliza kale, n'kupumula."

"Zakale zimenezo, amalume. Mudzaona nokha."

Ankaseka mpaka kutsokomola. Makina anayamba kuyenda bwino sabata imene iwo anagonekedwa kuchipatala. Sanawaone akuzungulira.

Atamwalira, akuluakulu anati ndodo ilowa nawo m'bokosi, monga mmene amachitira ndi mwamuna wachingoni wa msinkhu wawo. Ndinaiona itatsamira khoma la siwa, mphira uja uli lende. Mtima unandiwawa. Ndinanyamuka pakati pa azibambo mwakachetechete, ndili ndi maganizo akuti ndimalize mutuwo bokosi lisanatsekedwe.

Zonsezi zinali mawu ochepa chabe oti ndiwauze achimwene. Koma ine munthu akandikalipira, m'kamwa mwanga mumatuluka zina.

"Inu maliro mwawadziwa lero? Akudwala munali ku Tsangano ndi matumba anu a kachewere!"

Analowa, n'kuzula waya ku batire, n'kunyamula batirelo kupita nalo kunyumba kwawo. Ndinawatsatira ndikukuwa mpaka pabwalo, fumbi loyera la fupa lili mbuu kumaso ndi m'malaya. Azibambo onse anatembenuka. Mlongo wathu anatuluka m'siwa, chitenje chili kukamwa, n'kungondiyang'ana.

Ndinabwerera kukashedi, ndinatenga tupa. Fupalo linali litaboola kale, koma kunja kunali kokhakhala, mizere ya m'mbali ndisanayambe n'komwe. Ndinapala ndi mphamvu zanga zonse mpaka ndinamva hamala ikugogoda pa bokosi. Adzukulu ananyamula, ndinatsatira kumbuyo, fupa lili m'thumba la jekete. Amalume anapita ndi ndodo ya mphira.

Mpaka lero makinawo ndimagwiritsa ntchito, ndipo anthu amabwera kudzaonera. Akamayamikira ine ndimangopitiriza kusema.

Tsiku lotsatira malirowo m'mawa, titatha kusesa phulusa pasiwa, ndinapita kwa achimwene. Ndinawapeza akusukusula kuseri. Ndinatulutsa fupa lija n'kuliika pa mpando. Analitenga, analitembenuza, n'kuona bowo lolowetsa ndodo.

"Bwanji sunanene, iwe?"

"Munandifunsa?"

Analoza m'nyumba ndi chibwano. Ndinasenza batire paphewa, ndinakalumikiza mawaya, ndinakhala pansi n'kumaliza mutu wa ndodoyo, ndi mizere yake yomwe.