Masiku Khumi ndi Limodzi Amene Akuzike Anajomba

Anthu ena ku Indianapolis akuti a Flora asanduka mzungu. Asaa! Amene akunena zimenezo abwere adzanene pamaso panga, ine Chrissie, amene ndagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi zinayi kunyumba yosamalira okalamba kuno ku South Bend. Ndimawadziwa a Flora mpaka kayetsemulidwe kawo.

Kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kuno kutsatira amuna awo, a Bongani, amene ankaphunzira za unesi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Akuzike, anabadwira konkuno. Mwanayo ali ndi zaka zitatu, a Bongani anagwa kuntchito dzuwa likuswa mtengo, ndipo sanadzukenso. Kuchokera pamenepo a Flora anakhala bambo ndi mayi yemwe, ndipo mutu wawo, umene unali wouma kale, unaumiratu gwa.

Koma pa maliro ayi, palibe wofanana nawo. Mmalawi akamwalira mu Indiana muno, uthenga ukangolowa pagulu lathu la pa foni, a Flora amasinthitsa mashifiti, n'kuponya zitenje ndi bulangeti m'galimoto, n'kunyamula mwana, ulendo. Maliro ambiri amakhala ku Indianapolis, maola awiri ndi theka kudiraiva. Kumeneko timagona pasiwa monga kwathu, azimayi pabalaza, azibambo kugalaja, mpaka tsiku la mwambo kapena mpaka thupi litakwera ndege. Woyambitsa nyimbo ndi a Flora, wolamula kukhitchini ndi a Flora omwewo. Nanga mwana akanamusiyira ndani, tonse tili komweko?

Akuzike anali giredi 3. Sukulu yake si ya dera limene amakhala. A Flora anachita kumupemphera malo, kuyenda maulendo anayi ku ofesi mpaka anthu kutopa nawo. Mwanayo ndi wamanyazi, wolankhulira pansi. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo nachonso umachita kuweramira kuti umve. Pasukulu imeneyi ndi pamene anapeza mphunzitsi, Mayi Hamilton, amene anamutsegula pakamwa. Tinayamba kumumva akuseka mokweza, ife mpaka kudabwa.

Chaka chimenecho, pakati pa Sepitembala ndi Febuluwale, tinalira maliro atatu, omaliza ake a bambo wina wachikulire wa ku Indianapolis, a Lameck. Nthawi iliyonse pobwera, a Flora ankangouza mwana kuti, "Ukawauze aphunzitsi kuti tinali kumaliro." Kwathu mawu amenewo ndi okwanira. Mphunzitsi amangoti pepani, nkhani yatha. Ndani anapemphapo chilolezo cha maliro? Mauthenga a kusukulu ankalowa ndithu pa foni yawo, koma sankawatsegula. Iwo amadziwa kuti kholo limaitanidwa kusukulu mwana akaba kapena akamenya mnzake, ndipo Akuzike sangaphe ndi ntchentche yomwe. Ankati zonsezo ndi za makeke ogulitsa ndi tsiku lovala mapijama.

Mu Malichi munabwera kalata ya mu envelopu. Anabwera nayo kuntchito n'kundipatsa pa nthawi yopuma. Ndinaiwerenga. Akuzike anajomba masiku khumi ndi limodzi popanda chifukwa cholembedwa. Kholo libwere Lachinayi kudzaonana ndi ahedi. Zikapanda kulongosoka, chilolezo chophunzira pasukulupo chilandidwa, mwana abwerere kusukulu ya dera lake. Munalinso fomu yoti alembepo dzina la womwalira aliyense ndi ubale wake ndi mwanayo, chifukwa lamulo lawo limavomera maliro a wachibale weniweni basi.

Ndivomere, nzeru yoipa ndinabweretsa ndine. Ndinati, "Achemwali, apa n'posavuta. A Lameck mulembe kuti agogo. Enawo mulembe malume ndi azakhali. Afufuza ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndataya mchere wonse m'ndiwo. "Chrissie, ndiname za maliro? Womwalira ndimupatse ubale wabodza ngati ndikuchita naye manyazi? Iwe ukamwalira ndidzakulembenso kuti azakhali?"

"Nanga mwana akachotsedwa?"

"Sachotsedwa. Ndipo sindinama. Lachinayi undiperekeze, koma pakamwa pakopo utseke."

Lachinayi tinapita. A Flora anavala chitenje cha chigwirizano pamwamba pa yunifomu, kunja kuli chisanu chodula makutu. Mu ofesi munali ahedi, bambo wamtali wolankhula mofatsa, ndi Mayi Hamilton. Ahedi anatenga fomu ija n'kuwerenga. Pa dzina la a Lameck, pamalo olemba ubale, a Flora analemba kuti: munthu amene ananyamula bokosi la mwamuna wanga. Ahedi anavula magalasi. Anati akumvetsa, ndipo apepesa kwambiri, koma lamulo likunena za makolo, agogo, ndi abale a bere limodzi.

Apo a Flora anayaka. Chingerezi chawo chikatentha chimathamanga kuposa cha eni ake. Anati, "Abale a bere limodzi? Anga onse ali ku Malawi. Mayi anga atamwalira ndinawalira pa foni, sindinathe kupita. Bambo a mwana uyu atagwa, amene anadzaza nyumba yanga ndi anthu omwe mukuti si abalewa. A Lameck anatseka shopu yawo pa Lafayette Road masiku asanu ndi anayi, kugona pansi m'galaja yanga ndi msana wawo wopweteka. Lero amwalira, ine ndikhale kunyumba chifukwa pa fomu yanu palibe mzere wawo? Maliro n'kulirana, bambo. Mwana wanga sanapite kokasewera."

Ine mumtima ndinangoti basi, malo aja apita. Ahedi anakankhira pepala lina patsogolo pawo. Anati ngati asayina kuti mwana sadzajombanso popanda kudziwitsa sukulu, ndiponso kuti pa maliro azijomba tsiku limodzi lokha, malo ake akhalapobe. A Flora analikankhira komwe linachokera. "Imfa imayamba yalemba kalata kodi? Tsiku limodzi! Kumeneko n'kulira kapena kukaonetsa nkhope?"

Pamenepo Mayi Hamilton anapempha kulankhula. Sanatchule lamulo ayi. Anati mu Febuluwale ana ankawerenga pamaso pa anzawo ndi makolo nkhani zimene analemba okha. Akuzike anakonzekera masabata atatu, nthawi yopuma akutsalira m'kalasi kuyeserera kukweza mawu. Aka kanali koyamba kuvomera kuimirira kutsogolo. Tsiku lake linali Lachitatu la sabata imene tinali kwa a Lameck. Anati uthenga woitana makolo anautumiza katatu, ndipo mpando wa mayi ake anausunga kutsogolo.

A Flora anatembenukira kwa ahedi. Kenako anapempha kuti mwanayo aitanidwe. Atalowa, anamufunsa m'Chichewa, "Akuzike, n'zoona zimenezi? Bwanji sunandiuze?"

Mwana anayankha m'Chingerezi chake chapansipansi chija, akuyang'ana nsapato. Anati, "Munkalira m'galimoto njira yonse. Sindinafune kukuwonjezerani zina."

Mayo ine! Misozi inanditsika osandipempha. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe, chifukwa m'galimotomo inenso ndinalimo, ndikutafuna mtedza, osafunsa mwana kanthu.

A Flora sanalire. Anakoka pepala lija, n'kutenga cholembera cha ahedi patebulo osapempha. Koma musaganize kuti anangosayina ngati nkhosa. Anati, "Ndisayina, koma nanunso musayina zanga." Analemba kumunsi ndi dzanja lawo. Choyamba, nkhani ikakhala yokhudza mwana wawo, sukulu iziimba foni munthu alankhule ndi munthu, osati kuponya uthenga pakati pa za makeke. Chachiwiri, masiku khumi ndi limodzi aja asalembedwe kuti mwana anajomba popanda chifukwa, alembedwe kuti anali kumaliro, ngakhale lamulo lisawakhululukire. Anatinso Akuzike apatsidwe tsiku lina lowerenga nkhani yake, iwo adzakhala pa mpando uja ngakhale abwana kuntchito atakwiya. Ahedi anawerenga kawiri. Anati za masikuzo sangasinthe chiwerengero, koma chifukwa chake alemba monga mayi anenera. Anasayina onse atatu, ndipo malo a Akuzike anatsala. Potuluka, Mayi Hamilton analemba nambala yawo kuseri kwa envelopu ija n'kupatsa a Flora, ndipo a Flora analandira ndi manja awiri.

Mukuganiza kuti nkhondo inathera pamenepo? Ayi ndithu, yaikulu inali kwa anthu athu omwe.

Mu Epulo, Lachiwiri m'mawa, uthenga unalowa kuti mayi wina wa mpingo wathu watisiya ku Indianapolis. Pasanathe ola, a Tusekele, amene ndi wapampando wa azimayi kumeneko, anaimba foni kufunsa kuti a Flora anyamuka nthawi yanji, chifukwa kukhitchini kulibe mutu. A Flora anayankha kuti afika Lachisanu mwana akaweruka. A Tusekele anangodula foni.

Ine ndinatsogola Lachitatu, ndiye zonse ndinazimva ndi makutu angawa. Akuti a Flora ayamba kudzimva. Akuti sukulu ya mwana yaposa munthu wakufa. Wina mpaka anati, "Paja anzathu aiwala amene anawagonera pansi." Ndinamuyankha, koma mawu ake sindingawabwereze pano.

Lachisanu cha m'ma sikisi dzuwa likadalipo, a Flora analowa, Akuzike ali pambuyo ndi chikwama chake cha mabuku. Anagwada pamaso pa anamfedwa, anapepesa mmodzimmodzi monga mwa mwambo, kenako anamanga chitenje n'kulunjika kukhitchini. A Tusekele anali momwemo ndi azimayi ena. A Tusekele anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kunena mokweza kuti ndi a pabalaza omwe amve.

"Mwafika, amake Akuzike? Anzanu tagona pansi pano masiku atatu. Koma musadandaule. Chaona mnzako chapita. Tsiku lanu likadzafika, nafenso tidzabwera Lachisanu."

Aliyense wa kwathu akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Kuopsezedwa kuti pa maliro ako padzakhala mbee, munthu wamkulu amagwada n'kupepesa. Ine ndinagwira mpeni wa anyezi osadziwa choti ndichite nawo.

A Flora anatsegula mpopi, anasamba m'manja, n'kutembenuka.

"Mudzabwere Lachisanu lomwelo, mayi. Ine sindidzakhala ndikufulumira kulikonse. Koma chonde, mwana wa munthu asadzajombe sukulu chifukwa cha ine."