Mpata Woonera Phiri la Nkhoma

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma mitengo yonse ili pamalo a maphunziro aja kuseri kwa Nathenje, manja ake ndi anga omwewa. Funsani aliyense pa Mitundu, akuuzani.

Amene anatilemba ntchito anali mkulu wina wochokera kunja, katswiri woyala malo. Ife tinabwera ndi chingwe, poti kwathu chilichonse timabzala m'mizere ngati fodya. Iye chingwecho anachikana. Ankakoka payipi yothirira madzi pansi, ikapindika momukomera, ife n'kumawaza phulusa motsatira kuti tidziwe pobzala. Maluwa a kwawo sanawafune. Anatituma kuthengo kukakumba masuku, mithethe, ngakhale tsekera, udzu womwe timalimbana nawo m'munda! Tinkaseka mpaka misozi.

Chakum'mawa anasiya mpata waukulu wopanda kanthu. Ndinamufunsa, "Bwana, kodi mbande zatha?" Anandikhazika pabenchi ya miyala n'kuloza. Phiri la Nkhoma linali pakatipo ndendende. Anati mitengo ikadzakula uku ndi uku, phirilo lidzaoneka ngati lalowa m'bwalo. Iye anabwerera kwawo mitengo ikadali yolekeza m'chiuno. Amene anadzaziona ndine.

Chaka chatha ndinapita kukayendera malowo, omwe pano ndi sukulu. Ndinapeza ana atabzala bulugamu mumpata monse, mizere yowongoka bwinobwino, mbande iliyonse ndi kampanda kake. Akuti ankaphimba poyera, malo asakhale chabe. Ndinadziwa kuti ikakula, phiri latsekeka.

Ndinakuwa, mpaka aphunzitsi aakulu, mayi aulemu wawo, anatuluka mu ofesi.

"Agogo, kwagwanji? Yakulumani njoka?"

"Bola njoka, mayi. Mwanditsekera phiri!"

"Phirilo ndi lanu?"

"Langa ayi, koma mpatawu tinausiya dala. Takhalani apa muone."

Anakhala pabenchi paja, n'kuyang'ana kuphiriko. Kenaka anati, "Mitengo ya ana sindingaitaye. Mukapeza poiika, isamutseni. Koma nokha, agogo, mawuwo akuonetsa kuti mphamvu zilipo."

Dzinja lonse ndinkapita ndi khasu langa, kukumba mbande iliyonse ndi dothi lake, n'kukaibzala kukhwawa kuseri kwa makalasi, kumene madzi ankakokolola nthaka. Mitengo ina inagwira, ina inauma, ndipo ana eni ake a youmayo mpaka lero moni wawo ndi wapakhosi. Zilibe kanthu. Aphunzitsi anauza mlonda kuti pampata paja azingotchetcha basi, wina asadzakumbepo dzenje.