Maliro a m'Kompyuta

Kompyutayo anabwera nayo ndi mkamwini wanga, amene amakonza mafoni ndi mawailesi kumsika waukulu. Anaipeza panyumba ina yakale m'tauni, eni ake akutaya katundu. Ataona kuti ikuyaka, anaimangirira panjinga yamoto n'kufika nayo kwathu ku Assumane, kuno ku Lichinga. Inali yachikasu ngati dzino la munthu wafodya, galasi lake lamimba kumbuyo.

"Apongozi," anatero, "mumadandaula kuti Chipwitikizi chikukuthawani. Umu muli masewera a mawu okhaokha. Muziwerenga."

Ine sukulu ndinayamba ndili ndi imvi kale, titabwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Ndinkakhala benchi limodzi ndi amayi oyamwitsa. Mpaka lero ndimawerenga ndi chala, ndipo chilichonse cholembedwa ndimachipatsa ulemu, ngakhale pepala la mankhwala a makoswe.

Masewerawo analibe chithunzi. Unkalowetsa kambale kakuda kotchedwa disikete, makina n'kuyamba kukukuta ngati mbuzi yobzikula, kenako pagalasi pankabwera zilembo zobiriwira. Zinkakuuza kuti wadzuka m'nyumba ya eni, chitseko chakunja n'chokhoma, ndipo mumdima muli chinthu chimene chikupuma. Iwe unkalemba zimene ukufuna kuchita: pita kumpoto, tsegula kabati, tenga kandulo. Ukalemba zimene makinawo sakuzidziwa, ankangoyankha kuti "Não entendo," kutanthauza kuti sakumva.

Tsiku loyamba ndinkaodira pachitseko chilichonse, makina osamva. Kandulo ndinaiona pathebulo koma sindinaitenge, poti sinali yanga. Ndinayenda mumdima, ndinagwa pamasitepe, ndinafa. Makina anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuyambiranso. Ulendo wachiwiri kanduloyo ndinaibwereka, mumtima ndikulonjeza kuti ndidzabweza.

Ndi kuwala kwake ndinafika m'chipinda cha mabuku. Ndinawerenga mzere woyamba, wachiwiri, chala changa n'kuima pa wachitatu. Pansi pagona munthu wakufa. Wavala jekete lakuda. M'thumba mwake muli chinthu chonyezimira.

Ndinamuimbira foni mkamwini.

"Ndi kiyi ameneyo, apongozi. Pisani m'thumbamo, mutsegule chitseko, muthawe. Masewera ake ndi omwewo."

"Nanga munthuyu?"

"Munthu uti?"

"Wamwalirayu."

"Aaa, ameneyo ndi wongoikapo. Amakhala pomwepo."

Mkazi wanga akudziwa, abale onse akudziwa, kuti mkulu wanga alibe manda. Anatsala panjira pamene tinkathawa, ndipo womaliza kumuona ndinali ine. Nkhaniyi pakhomo pathu sitiikamba, pano sindiikambanso. Ndangoitchula kuti mumvetse chifukwa chake mawu akuti "amakhala pomwepo" sanandikhalire bwino. Ndinatsimikiza kuti m'nyumba imeneyo sindituluka munthuyo asanaikidwe m'manda.

Ndinatenga dikishonale yanga ya kusukulu. Ndinalemba kuti ika maliro. Não entendo. Sambitsa mtembo. Não entendo. Funditsa, nyamula, tseka maso, itana anthu, lira. Makina amene ankadziwa kutsegula mabotolo ndi kukoka zingwe za mabelu sankadziwa ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Mawu amodzi okha ndi amene analandira: dikira. Ndikalemba choncho ankayankha kuti nthawi ikupita. Ndinaona kuti kumeneko ndiye kukhala pamaliro, ndipo ndinakhala. Dikira. Dikira. Kupuma kuja kunkayandikira. Dikira. Kenako chinthucho chinkalowa, mapazi ake onyowa, n'kundigwira pakhosi. Ndikayambiranso, ndinkapeza malemu ali pomwe paja, jekete lomwe lija.

Unakhala mwambo wa m'mawa uliwonse ndikamwa tiyi. Mkazi wanga ankasuzumira pakhomo, tsache lili m'manja.

"Bambo, mwafa kale, kapena ndidikire kaye kusesa?"

"Ndatsala pang'ono."

"Fulumirani, mbatata zikufuna kupalira."

Tsiku lina amayi anzake kumpopi anamufunsa chifukwa chimene sindikuonekera, iye n'kuyankha mwanthabwala kuti ndili pamaliro. Dzuwa lisanafike pamutu, kunafika aneba athu atavala kofia ndi nkhope yachisoni. Iwowa ndi Ayao a kunyanja, kale ankagulitsa usipa, koma tsopano ndi amene amasambitsa maliro a amuna kumzikiti wa m'dera lathu. Ine ndine wa kutchalitchi, koma pamaliro sitisankhana. Timaitanana achimwene.

"Pepani, achimwene. Ndani watisiya?"

Ndinawalowetsa, ndinawakhazika pampando, n'kuwawerengera zapagalasi ndikumasulira. Ndinkayembekezera kuti aseka. Sanaseke.

"Wamwalira liti?"

"Mkamwini akuti masewerawa ndi aakulu kuposa iyeyo."

"Subhanallah! Zaka zonsezo ali pasimenti? Abale ake ali kuti?"

Funso limenelo ndinali ndisanaliganize. Tinayendera limodzi nyumba yonse ya m'masewerayo kufunafuna abale. M'chipinda chapamwamba tinapeza mayi wovala zoyera, akulira atayang'ana kukhoma. Aneba anawomba m'manja. "Namfedwa ndi ameneyu. Mupepeseni." Ndinalemba kuti lankhula ndi mayi. Mayiyo anatembenuka, analibe nkhope, ndipo ndinafa pomwepo.

"Chisoni chimatero," anatero aneba. "Ena amakhala aukali. Musamusungire kukhosi."

Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku ndi tsiku akachoka kumapemphero a masana. Tinapeza nsalu yoyera pabedi la m'chipinda china, aneba n'kunena kuti ikwana kukhala sanda yokulungira mtembo. Ndinaitenga, ndinapita nayo kwa malemu, ndinalemba kuti siya nsalu. Makina anati: pansi pali munthu wakufa ndi nsalu.

"Pamwamba pake kapena pambali?"

"Sananene."

"Ndiye kuti pambali. Makina opanda mwambo."

Nthawiyi n'kuti chisanu cha Juni chitafika, chija cha kuno ku Lichinga chimene chimalowa mpaka m'mano. Galasi la kompyuta linayamba kudwala. Zilembo zinkafota, mizere yam'mwamba n'kumapindika ngati ikugwada. Ndinkalifunditsa bulangete langa, m'mawa n'kulitulutsa pakhonde kuti liothere dzuwa. Mkamwini analitsegula kumbuyo, ananunkhiza, n'kupukusa mutu. Anati zitsulo zake sizipezekanso kulikonse, ndipo silifika nyengo yotentha. Galasi likafa, munthu uja atsala m'menemo mpaka kalekale, nsalu ili pambali.

Aneba ndi amene anapeza njira. Anandifunsa kuti, "Kodi mukazimitsa, malemuwa amagona kuti?"

Ndinatulutsa disikete n'kuwaikira padzanja. Anaiyeza kulemera, anaitembenuza.

"Nyumba yonse ili umu?"

"Akutero mkamwini."

"Ndi malemu omwe?"

"Ndi malemu omwe."

"Nanga tikuvutikiranji, achimwene? Mtembo si uwu? Tengani khasu."

Ndinadzuka ngati mnyamata. Khasu ndinali nditaligwira kale pamene mkazi wanga anaima pakhomo, manja m'chiuno. Anali akumvetsera ali kuseri, akusankha nyemba.

"Taimani kaye. Inuyo muli kuti?"

"Ndili pano. Sukundiona?"

"Sindikunena inu apanowa. Inu am'katimo, obwereka makandulo. Si paja chitseko n'chokhoma? Mwatuluka liti?"

Tinayang'anana ndi aneba.

"Mukakwirira kambaleko mwakwirira ndi mwamuna wanga yemwe," anapitiriza. "Ine sindikhala wamasiye wa munthu amene akundithera shuga m'nyumba. Tulukani kaye, kenako muzikakumba."

Ndinayesa kumuuza kuti ndi masewera chabe. Anandiyang'ana ine, anayang'ana khasu, anayang'ana galasi lofunda bulangete langa, ndipo ndinatsamiritsa khasulo pakhoma.

Tsono nkhani inabwerera pomwe inayambira. Kuti malemu aikidwe, ndinayenera kutuluka. Kuti ndituluke, pankafunika kiyi. Kiyi anali m'thumba la malemu. Ndinanena poyera kuti dzanja langa silipisa m'thumba la munthu wakufa n'kuthawa, ngakhale munthu wa zilembo.

"Ndani wati mupise inuyo?" anatero aneba. "Imeneyo ndi ntchito yanga. Wosambitsa maliro ndi amene amakhuthula matumba. Si kuba. Zimene wapeza amapereka kwa m'bale wa malemu."

"M'bale wake ndi mayi wopanda nkhope uja."

"Uja wasokonezeka mutu. Ndikufunseni, achimwene: amene wakhala pamaliro amenewa masiku onsewa, mpaka kufa nawo, ndani?"

Mkazi wanga anabwerera ku nyemba zake, koma sindinamve nyemba ikugwera m'lichero.

Aneba anapempha madzi, anatawaza, kusamba kwa Chisilamu, bwinobwino mpaka m'zigongono, anati bisimila, n'kukhala pampando wanga. Ine ndinali nditayenda kale mpaka m'chipinda cha mabuku. Vuto linali lakuti iwo amawerenga zilembo za Chiarabu zokha, choncho ndinkawalozera batani lililonse ndi kamtengo. Chala chawo n'cholemera, chozolowera zingwe za ngalawa. Akadina, chilembo chimodzi chinkathamanga mzere wonse. Não entendo. Tinayesanso. Não entendo. Ndipo kulakwitsa kulikonse makina ankakuwerenga ngati nthawi yapita. Anatiuza kuti kupuma kwafika pakhonde la m'kati. Kenako anati pansi pa chitseko payamba kulowa madzi.

"Dinani ngati mukugwira khanda!" anakuwa mkazi wanga, amene tsopano anali kumbuyo kwathu.

"Mayi, maliro sathamangitsa."

"Chikubweratu chinthucho!"

Ulendo wotsatira zinatheka. Makina anati kiyi watengedwa. Aneba anaimirira pang'onopang'ono, anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundilozera mpando. "Katundu wa malemu ndi ameneyo. Landirani."

Ndinakhala pansi. Kum'mwera. Kum'mwera. Kum'mawa. Zilembo zinkanjenjemera, sindikudziwa ngati linali galasi kapena maso anga. Nditafika pathebulo lija ndinaima n'kulemba kuti siya kandulo.

"Mukutani?" anatero mkazi wanga.

"Ndikubweza. Ndinabwereka."

Anandimenya paphewa ndi lichero, nyemba n'kumwazika nyumba yonse. Makina anati mpweya wozizira ukundiomba m'khosi. Ndinalemba kuti tsegula chitseko ndi kiyi, chilembo chimodzichimodzi, monga anatiphunzitsira kusukulu ya akuluakulu. Makina anakukuta kanthawi. Kenako anati ndatuluka, mvula yakata, ndapulumuka. Anafunsa ngati ndikufuna kuyambiranso.

"Mukangoyerekeza," anatero mkazi wanga, n'kusolola yekha disikete ija.

Panabuka kamkangano ka chipembedzo cha malemu. Ine ndinati m'chipinda chapansi munali mabotolo a vinyo, ndiye sangakhale Msilamu. Aneba anati mabotolo angakhale a namfedwa, ndipo zikufotokoza khalidwe lake. Tinagwirizana kuti aliyense achite mbali yake. Mkazi wanga anang'amba kansalu koyera kuchokera ku nsalu ya pathebulo ya masiku a chikondwerero. Aneba anakulunga, anamanga kumutu, pakati ndi kumiyendo, ngakhale panatenga nthawi kuti tigwirizane kumene kuli mutu.

Mkamwini anatipeza tikupita kumunda wa kuseri kwa nyumba, aneba patsogolo atanyamula kamtoloko m'manja awiri. Atamva nkhani yonse anagwira pakamwa.

"Apongozi, m'menemotu munalinso masewera a makadi."

"Njuga?" anatero aneba. "Zapita bwino."

"Nanga chinthu cha mapazi onyowa chija? Nachonso mukuchiika?"

"Nachonso chipume. Chayenda mokwana," anatero aneba.

Mkamwini anafuna kuseka, koma apongozi ake aakazi anamuyang'ana, ndipo anavula chipewa.

Ndinasankha malo kumapeto kwa mizere ya mbatata, pansi pa mtengo wa pichesi. Kambale kaja kankangofuna kadzenje konga kodzala chimanga. Ndinatema khasu loyamba, lachiwiri, dothi lofiira lili gwa chifukwa chouma. Kadzenje kanakwana, koma manja sanaime. Ndinakulitsa m'litali. Ndinavula jekete. Ndinalowa m'katimo mpaka m'mawondo, kenako m'chiuno, ndikuponya dothi kunja, msana ukulira. Mkamwini anasuntha kuti andilande khasu, ndipo ndinamva mkazi wanga akumuuza chapansipansi kuti, "Asiyeni."

Nditatopa ndinayang'ana chimene ndakumba. Linali dzenje la munthu wamkulu, wamtali kuposa ine pang'ono, monga analili mkulu wanga. Aneba anagwada m'mphepete, anandipatsira kamtolo koyera kaja, ndipo ndinakagoneka chammbali monga anandiuzira. Iwo ananena dua yawo, ine pemphero lathu. Kenako mkamwini ndi aneba anandigwira mikono n'kundikokera kunja, tonse anayi n'kuyamba kukwirira.