Penti Yabuluu Pabampala ya a Longwe

Dzulo mwana wanga amachotsa zokandika pabampala ya galimoto yathu ndi mankhwala otsukira mano. Fungo lake linandibwezera ku Chintheche, kumene bambo ankaphunzitsa ndili kamtsikana.

A Longwe, ogulitsa nsomba, anawagunda bambo ndi galimoto ali panjinga pamsewu wa ku Kande, n'kuthawa. Bambo anathyoka mwendo.

"Ine sindinadutseko kumeneko, aphunzitsi akulota," ankatero a Longwe pamsika.

Patapita masiku atatu ndinapeza galimoto yawo yoyera pansi pa mtengo wa mango. Pabampala panali penti yabuluu ya njinga yathu, pambali pali kansalu konunkha mankhwala otsukira mano. Anali atayesa kupukuta, pentiyo n'kukana kuchoka.

Mtima unandiwira. Ndinatapa mchenga wonyowa m'diresi, n'kukwecha bampala yonse mpaka zala kutuluka magazi. Ndinkafuna galimotoyo imve ululu umene unamva mwendo wa bambo. Kenako ndinathamangira kunyumba.

"Amayi, ndawakhaulitsa! Ndakwecha bampala yonse!"

Mayi anangokhala pansi, manja ali kumutu. "Mwanawe, apolisi akubwera mawa kudzaona penti imeneyo."

Apolisi sanapeze kanthu, ndipo mlandu unathera pomwepo. A Longwe atandiona pamsika anamwetulira, n'kundithokoza m'Chitonga: "Yewo ukongwa, mwana wa aphunzitsi."

Bambo anatsimphina mpaka imfa yawo, koma anawakhululukira. Ine ayi. Mpaka lero ndimadandaula kuti tsiku limenelo sindinatole mwala n'kuwaswera magalasi onse.