Volovolo ya Bwana ndi Zala Zanga Zitatu

Anthu akandifunsa za dzanja langa lamanjali ndimangoti inali ngozi ya kuntchito. Bodza. Inali mfuti, ndipo sinali yanga n'komwe.

Nthawi ya atsamunda ndinali makaniko pa galaja ina ku Mzuzu, tauni ikadali matope ndi nkhungu. Ndinachokera ku Dowa, Chitumbuka ndikungodziwa "yewo" basi. Tsiku lina bwana wathu, mzungu, anandiponyera chinthu chokulunga m'sanza: volovolo, mfuti yam'manja imene bambo ake anapita nayo ku nkhondo. Dzimbiri lokhalokha! Akuti ndiikonze, akufuna kuonetsa anzake.

Ndisaname, ntchitoyo ndinaikonda. Ndinaiviika m'palafini sabata yathunthu, n'kuimasula kachitsulo kamodzikamodzi. Sipuling'i yake inali itathyoka, ndinasula ina kuchokera ku wotchi yakufa yapakhoma. Chigubu cha zipolopolo chitayamba kuzungulira ndinaseka ndekha ngati wamisala. Koma ndikupukuta ndinaona kamng'alu, kochepa ngati tsitsi, m'mphepete mwa bowo limodzi.

Ndinamuuza bwana. Ndinati mfuti yakale sitiyesera m'manja, timaimangirira kumtengo n'kuikoka ndi chingwe tili patali. Anangoti, "Chabwino, chabwino."

Loweruka masana anzake anasonkhana kuseri kwa nyumba yake, matambula ali m'manja. Ine ndinafika ndi chingwe changa. Mmodzi anaseka n'kufunsa ngati ndabwera kudzamanga mbuzi. Nkhope ya bwana inafiira. "Taya chingwecho," anatero. "Wakonza ndiwe, uwombenso ndiwe."

Bwanji sanawombe yekha, mfuti ya bambo ake? Ankadziwa. Inenso ndinkadziwa, ndicho chimandiwawa mpaka lero. Koma ndikanakana ntchito ikanatha pomwepo, ndipo mkazi wanga anali woyembekezera.

Chipolopolo choyamba chinatuluka bwino, chachiwirinso. Alendo anakuwa mokondwa. Chachitatu ndinangomva phuu! kenako dzanja kutentha. Nditayang'ana, zala zitatu palibe.

Wophika wa bwana, bambo wa ku Nkhata Bay, ndiye anandimanga mkono ndi chingwe changa chomwe chija, akungoti, "Pepani chomene, pepani." Bwana nayenso anathamanga n'kugwada pafupi ndi mapazi anga. Ndinkayesa akudzaona dzanja. Ayi ndithu, ankatola zidutswa za mfuti n'kumazipukuta magazi anga ndi mpango wake.

Nditatuluka m'chipatala ndinapeza wina pa benchi langa. Akuti makaniko wa zala ziwiri sagwira sipanala.