Mzere wa Kolera pa Fomu ya a Olipa

Achemwali anga a Olipa Gwanda ankagwira ntchito yowerenga maliro. Anali a zaumoyo, ndipo dera lawo linali Mgona, komwe tinkakhala tonse chichokereni ku Ntcheu. Sabata yonse ankazungulira pa njinga yakuda yopanda mabuleki akumbuyo, kulowa makomo momwe mwagwa zovuta n'kumafunsa kuti malemuwo anadwala chiyani. Lachisanu ankapereka fomu ku ofesi: malungo angati, chifuwa chachikulu angati, angozi angati, ophedwa ndi achifwamba angati. Ankakonda kuseka kuti boma lili ndi owerenga akuba, lili ndi owerenga malova, koma maliro linasungira iwo chifukwa sakomoka msanga.

Anthu sankawakonda kwenikweni. Akangotsamiritsa njinga pampanda, amayi ankanong'onezana kuti wafika kalembera wa kumanda. Koma mwana akatentha thupi, khomo loyamba kugogodapo linali lawo lomwelo.

Dzinja la 1998 kolera inalowa. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: womwalira ndi kolera sasambitsidwa ndi abale, sagonekedwa pasiwa, saphikiridwa chakudya, ndipo sanyamulidwa kupita kumudzi. Azaumoyo amamukulunga m'pulasitiki n'kukamuika tsiku lomwelo. Ndiye mwadzidzidzi Mgona yense anayamba kufa ndi malungo. Munthu wotsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, abale ake n'kunena maso ali gwa kuti anali malungo. A Olipa zinkawapsetsa mtima, chifukwa ku ofesi anali atawauza kuti mankhwala othira m'zitsime ndi ochepa, apita kumadera komwe fomu ikuonetsa kolera. Fomu ya Mgona inkaonetsa ziro.

Lachinayi lina m'mawa bambo athu, amene ankakhala ndi ine, anayamba kutsegula m'mimba. Anali mlonda wopuma, wouma mutu ngati chitsa. Anandiletsa kuitana a Olipa, ati angawalembe pa fomu akadali moyo. Ine ndinaseka n'kuwamvera, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Pomwe ndinkathamangira achemwali masana, maso a bambo anali atalowa m'kati. Anatisiya galimoto yowatengera kuchipatala isanafike.

Bambo athu aang'ono a McDonald anafika kuchokera ku Kawale atakonza kale zonse. Anaitanira a Olipa kuseri kwa nyumba, ine ndikutsatira.

"Olipa mwana wanga, ulembe malungo. Akulu angawa akagone pafupi ndi mayi awo ku Ntcheu. Lole ndapeza kale, bokosi akukhoma ku Mchesi."

"Bambo, si malungo."

"Akudziwa ndani? Cholembera chili m'manja mwako."

Inenso ndinaikapo mlomo. "Achemwali, ndi mzere umodzi wokha. Zoona bambo athu akulungidwe m'pulasitiki ngati katundu wa pamsika?"

Anandiyang'ana, misozi ili chuchuchu. "Maness, madzi amene amwa bambo unatunga kuti?"

"Pachitsime cha kwa a Salama."

"Nanga Tione wako akumwa ati?"

Tione anali mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi.

A Olipa anatsamiritsa fomu pachishalo cha njinga n'kulemba 1 pa mzere wa kolera. Kenako anavala magolovesi, ndipo pamodzi ndi anzawo awiri a kuntchito anakulunga okha bambo awo owabereka. Tinakawaika kumanda a m'tauni dzuwa lisanalowe, tili anthu asanu ndi awiri, popanda kwaya ngakhale mwambo wa nkhata. A McDonald anauza a Olipa pamaso pa onse kuti sukulu inawadyera umunthu, nabweza lole ija yopanda kanthu. Ine sindinawalankhule achemwali masiku atatu.

Loweruka kunabwera galimoto ndi zigubu za mankhwala. Chitsime cha kwa a Salama anachitseka, ndipo pabwalo la mpira anakhomapo tenti ya odwala. Nkhani inali itamveka Mgona yense kuti kalembera wa kumanda walemba bambo ake omwe. Anthu anachita manyazi. Mayi wina anaimitsa njinga ija panjira n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, aja amuna anga aja sanali malungo." Lachisanu lotsatira mzere uja unali ndi 9.

Koma ine sindinadikire Lachisanu kuti ndimvetse. Lolemba m'mawa Tione anayamba kutsegula m'mimba. Ulendo uno sindinamvere aliyense. Ndinamubereka n'kuthamangira kutenti kuja, mtunda wongodumpha ngalande ziwiri. Anamuika madiripi atatu. Lachitatu anatuluka akuyenda yekha, akulirira chimanga chootcha.

A McDonald anamwalira osapondanso pakhomo pa a Olipa, ndipo kumudzi ena amatchulabe nkhaniyi akamwa. Alankhule. Ine achemwali angawa ndimawanyadira, ndipo ndimanena poyera. Chaka chilichonse mvula ikatha timapita kukalambula manda a bambo, amene agona pakati pa anthu osawadziwa. A Olipa msana unayamba kuwavuta, ndiye amangokhala pambali n'kumaloza pomwe patsala udzu. Khasu amagwira ndi Tione.